Fizi Talipira, Koma Kodi Mwanayo Tikumudziwa?

Linali Loweruka la tsiku loonera ana, teremu yachiwiri, mwana wanga wachisamba ali Fomu 1. Ndinadzuka kusanache, ndinaphika nkhuku, ndinakulunga chigumu m'kansalu koyera, ndinaika mtedza wokazinga ndi nthochi m'jumbo, n'kukwera minibasi ziwiri. Nditafika pageti ndinapeza magalimoto atandanda mpaka kumsewu. Makolo ena ankatsitsa makatoni a zakumwa, mabokosi a nkhuku ya m'malesitilanti a m'tauni ndi zakudya zina zoti ine ngakhale dzina sindikuzidziwa. Mwana wanga atandiona anamwetulira, koma sanandithamangire monga ankachitira ali ku pulayimale. Analandira jumbo msangamsanga n'kunditsogolera kuseri kwa holo, kumene kunalibe anthu. Titakhala pansi anandinong'oneza kuti, "Amayi, musamalankhule mokweza. Kuno Chichewa n'choletsedwa."

Lipoti lake la teremu yoyamba linali labwino ndithu. Anali nambala 6 m'kalasi, ndipo ine ndinali nditalionetsa kale kwa abale onse ndi oyandikana nawo nyumba. Koma tsiku limenelo ndinaona kuti siketi imene ndinamusoketsa mu Sepitembala inali itayamba kumukulira m'chiuno. Chigumu sanachitsegule n'komwe. Anachibisa kunsi kwa juzi. Pobwerera m'minibasi ndinadzifunsa funso limene ndikufuna kulitula kwa inu amayi anzanga lero: fizi talipira, yunifolomu tagula, kamba tamumangira, koma kodi mwana amene tamusiya kuseri kwa mpanda ujayo tikudziwa mmene akukhalira?

Ndinene poyera kuti sindikudana ndi sukulu zapulaiveti. Mwana wanga anamaliza Fomu 4 pasukulu yomweyo, ndipo pali zambiri zimene ndimathokoza. Mfundo yanga ndi iyi: kulipira fizi sikutula udindo. Sukulu tisamaiyeze ndi chikwangwani cha pageti kapena ndi Chingerezi cha mwana chokha. Tiziiyeza ndi zinthu zitatu: zimene mwana akuphunziradi, moyo umene akukhala pakati pa anzake, ndi mtengo umene banja lonse likulipira.

Chimene chimatithamangitsira kumeneko

Palibe mayi amene amakonda kungotaya ndalama. Tili ndi zifukwa zomveka. Mu 1994, boma litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana chinakwera mwadzidzidzi kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, chifukwa ana a anthu osauka analowa m'kalasi. Koma zipinda zophunziriramo, mabuku ndi aphunzitsi sizinachuluke pa liwiro lomwelo, ndipo mpaka lero ambirife tikudziwa kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 imene mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana oposa 100. Ana akalemba mayeso a Sitandade 8, si onse okhoza amene amasankhidwa kupita ku sekondale, chifukwa malo ndi ochepa. Mwa osankhidwawo, ochepa okha ndiwo amapita ku sukulu zogonera konko zotchuka zija. Ambiri amapita ku ma CDSS, ena mtunda wautali wapansi kapena panjinga. Mayi amene mwana wake wakhoza koma dzina lake silinatuluke, kapena amene akuopera mwana wake wamkazi kuchita lendi yekha kanyumba pafupi ndi sukulu, akaganiza za pulaiveti sitingamudzudzule.

Vuto n'lakuti mawu akuti "pulaiveti" akuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa mu 1981 ku Mtunthama m'boma la Kasungu, ndi yapulaiveti. Sukulu za m'mizinda zimene ana amalemba mayeso a Cambridge ndi zapulaiveti. Koma nayonso nyumba ya zipinda zinayi ya m'lokeshoni, imene chaka chatha munali golosale ndipo chaka chino apakapo penti n'kulembapo "Academy", imatchedwa yapulaiveti. Pakati pa ziwirizi pali sukulu zambirimbiri, zina zabwino zedi, zina zongofuna ndalama. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ntchito yathu ndi kuung'amba mkuyuwo tisanaudye.

Za m'kalasi: kukhoza kwake n'kotani?

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, zikwangwani ndi mawayilesi zimadzaza ndi uthenga wakuti "ana onse akhoza". Ine ndinakopeka ndi mawu amenewa. Ndinadzazindikira mochedwa kuti kukhoza kuli mitundumitundu. Pa MSCE, giredi 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi chabe, ndipo 9 ndiye kulephera. Mapointi amawerengedwa pa maphunziro 6 amene mwana wachita bwino koposa, n'chifukwa chake wa mapointi 6 ndiye katswiri. Mwana akhoza kupeza satifiketi ali ndi ma 7 ndi ma 8 ambiri, sukulu n'kumuwerengera m'gulu la okhoza. Koma kuti aganiziridwe ku yunivesite za boma afunika makirediti 6, kuphatikizapo Chingerezi. Tsono funso loyenera kufunsa aphunzitsi aakulu si lakuti "anakhoza angati?" ayi, koma lakuti "mwa ana amene analemba, ndi angati anapeza makirediti 6?"

Pali funso linanso limene ambiri sitilifunsa: ana amene anayamba Fomu 1 anali angati, nanga amene anafika polemba mayeso a Fomu 4 ndi angati? Sukulu zina zimasefa ana ofooka mayeso akayandikira. Ena amawabwereza kalasi, ena amawauza kuti akafune malo kwina, ena amawalembetsa ngati ophunzira ochokera kunja kuti asaipitse chiwerengero. Sukulu yotero imaoneka yanzeru, pamene nzeru yake ndi yotaya ana amene amafunika thandizo kwambiri. Ngati mwana wanu amatenga nthawi kuti amve phunziro, sukulu ya mtundu umenewu idzadya ndalama zanu zaka zitatu kenako n'kumutaya chaka chachinayi.

Tisachitenso manyazi kufunsa za mapepala. Lamulo la maphunziro la 2013 limafuna kuti sukulu ikhale yolembetsedwa ku boma, ndipo Unduna wa Zamaphunziro wakhala ukutseka sukulu zoyenda popanda chilolezo kapena zosakwanira muyezo. Pemphani kuona chiphaso chimenecho. Funsani ngati sukuluyo ili ndi nambala yake ya malo olembera mayeso ku MANEB, kapena ngati ana amakalembera pasukulu ina. Funsani ngati ili m'bungwe la ISAMA, limene limasonkhanitsa sukulu zoima pazokha. Funsani kuti aphunzitsi anaphunzira kuti za uphunzitsi, ndipo akhala pasukulupo zaka zingati. Mwana wanga ali Fomu 2 anasinthiridwa mphunzitsi wa masamu katatu m'chaka chimodzi, aliyense n'kuyambira pamene wafuna. Mphunzitsi amene salipidwa bwino kapena pa nthawi yake sakhalitsa, ndipo amene amavutika ndi mwana. Pemphaninso kuti akutsegulireni chipinda cha sayansi ndi laibulale. Mayeso a sayansi a MSCE ali ndi gawo lochita ndi manja, ndipo mwana amene zipangizo anangoziona pa chithunzi cha m'buku amakanjenjemera tsiku la mayeso.

Zabwino nazonso ndinaziona, ndipo ndizinene. M'kalasi mwa mwana wanga munali ana ochepa moti mphunzitsi ankadziwa aliyense dzina. Makope ankachongedwa. Mphunzitsi akajomba, wina ankalowa m'malo mwake. Mphunzitsi wina wachizimayi wa bayoloje anaona kuti mwana wanga amakonda phunziro lake, n'kumamubwereka mabuku ake. Zinthu ngati zimenezi ndizo tikulipirira, ndipo pamene zilipo tiyenera kuyamika.

Koma pali zinthu ziwiri zimene timazisokoneza ndi maphunziro abwino. Choyamba ndi kuloweza ndi kusagona. Timasangalala tikamva kuti ana amadzutsidwa 3 koloko m'bandakucha kukawerenga, amagona 10 koloko usiku, ndipo tchuthi chonse ali pa makalasi apadera olipira. Timati sukulu yolimbikira. Koma akatswiri a zaumoyo amati mwana wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10 pa tsiku. Ubongo umasunga zimene waphunzira munthu akagona. Mwana wogona maola 5 amasinza m'kalasi, amaiwala msanga, amapsa mtima pa zinthu zazing'ono, ndipo amadwaladwala. Kuloweza mayankho a mayeso akale kumathandiza mlungu wa mayeso, koma mwana akafika ku koleji kumene afunika kuganiza yekha, maziko amaonekera kuti ndi osalimba.

Chachiwiri ndi Chingerezi. Chingerezi n'chofunika, tisanamizane. Mayeso pafupifupi onse amalembedwa m'Chingerezi, ndipo wolephera Chingerezi sapeza satifiketi ya MSCE. Koma kulankhula mopinda lilime ndi kumvetsa phunziro ndi zinthu ziwiri. Ndaonapo ana a nazale akulakatula ndakatulo za Chingerezi makolo n'kumaombera m'manja, koma ukawafunsa tanthauzo la zimene anenazo amangoyang'ana pansi. Pasukulu ya mwana wanga, wogwidwa akulankhula Chichewa ankapatsidwa kachikwangwani kovala m'khosi, ndipo kuti akachotse ankayenera kugwira mnzake. Amene wagona nako ankatchetcha udzu m'mawa. Taganizani, amayi anzanga, chimene mwana akuphunzira pamenepa: kuti chilankhulo cha amayi ake ndi agogo ake n'chamanyazi, ndiponso kuti mnzake ndi munthu womutchera msampha. Chonsecho Chichewa ndi phunziro lolembedwa pa MSCE, ndipo kirediti yake imawerengedwa monga ina iliyonse. Pali njira zophunzitsira Chingerezi popanda kunyozetsa mwana kwawo: mabuku a nthano, mitsutso, masewero, ndi aphunzitsi amene iwo eni amachilankhula bwino.

Moyo wa kunja kwa kalasi

Lipoti limatiuza za masamu ndi sayansi. Silitiuza amene mwana amadya naye, amene amamuseka, kapena chimene chimamulepheretsa tulo. Pasukulu yolipira pamakumana ana a mabanja osiyana kwambiri. Wina bambo ake ali ndi kampani, wina mayi ake amagulitsa tomato pamsika ndipo fizi yake imachokera ku banki m'khonde. Yunifolomu imawafananitsa masana, koma madzulo ku hositelo kusiyana kumaonekera: sopo wosambira, mafuta odzola, nsapato, ndi zimene zili m'sutikesi. Wina ali ndi mabisiketi, mkaka ndi Sobo za teremu yonse, wina ali ndi chiponde cha m'botolo ndi ufa wa phala. Ana amayezana ndi zimenezi mopanda chifundo.

Mwana wanga anadzandiuza patapita nthawi kuti anauza anzake zoti ine ndimagwira ntchito mu ofesi. Ine ndimasoka zovala pakhonde. Tsiku loonera ana lija ankaopa kuti anzake akandiona ndi chitenje changa ndi jumbo la chigumu, bodza lake liululika. Poyamba zinandiwawa. Kenako ndinazindikira kuti mwana wa zaka 13 amene wanama chotere si woipa mtima. Ndi mwana amene akufunafuna pobisala. Cholakwa changa chinali chakuti ndinamukonzekeretsa ndi zofunda, ndowa ndi makope, koma sindinakhale naye pansi kumuuza kuti, "Mwanawe, kumene ukupitako ukapeza anzako olemera kuposa ife. Usakachite manyazi ndi kwanu, ndipo usakasirire mpaka kulowa m'mavuto."

Kusirira kumeneku kumabala zoopsa, makamaka kwa atsikana. Mtsikana amene akufuna foni kapena tsitsi longa la anzake, ndipo akudziwa kuti kunyumba sangazipeze, ndiye amene amakopeka msanga ndi bambo wamkulu woimika galimoto pafupi ndi geti, kapena ngakhale wogwira ntchito pasukulu pomwepo. Anyamata nawo amayamba mowa, chamba ndi njuga ya pafoni pofuna kulandiridwa m'gulu. Tisaganize kuti mpanda wa njerwa ndi fizi yokwera zimatchinga zimenezi. Kumene kuli ndalama zambiri za m'thumba, zinthu zotere zimapezeka mosavuta. Palinso nkhanza za ana akuluakulu kwa a Fomu 1: kuwalanda kamba, kuwachapitsa zovala, kuwagwaditsa usiku. Ena amati ndi mwambo wa sukulu, aliyense anadutsamo. Ine ndimati nkhanza ndi nkhanza, ngakhale itakhala yakale chotani.

Ndiye pali za umoyo wa thupi, zimene tingathe kuziona ndi maso tikangopempha kuyendera. Tisamathere mu ofesi ya aphunzitsi aakulu mmene muli makatani ndi maluwa. Tipite ku zimbudzi, tiziwerenge, tione ngati zili ndi zitseko ndi madzi osamba m'manja. Tifunse kuti madzi akasiya kutuluka pampopi ana amatunga kuti. Tonse tikukumbukira Januwale wa 2023, pamene boma linachedwetsa kutsegulira sukulu mu Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha kolera. Matenda otere safunsa kuti fizi ndi zingati. Tilowe mu hositelo tione ngati ana sakugona awiriawiri pabedi limodzi, ngati pali maneti a udzudzu, ngati mawindo amalowetsa mpweya, ndiponso ngati chitseko chingatseguke msanga moto utabuka usiku. Tifunse kumene atsikana amataya kapena kuchapa ndi kuyanika zovala za kumwezi. Tione m'khitchini. Nsima ya nyemba ndi kabichi si yoipa, koma mwana amene akukula, makamaka mtsikana amene wayamba kusamba, amafunika zakudya zowonjezera magazi: masamba obiriwira, usipa, mazira, nyama mwa apo ndi apo, ndi zipatso. Tifunsenso kuti mwana akadwala usiku amamuona ndani, amapita naye chipatala chiti, ndipo makolo amauzidwa nthawi yanji.

Chimene chinandipweteka koposa n'chakuti mwana wanga anavutika teremu ziwiri osandiuza. Ankapatsa atsikana a Fomu 3 theka la kamba wake kuti amusiye, ndipo nthawi zina ankadumpha chakudya chamadzulo poopa kukumana nawo pamzere. Nditamufunsa chifukwa chimene anabisira, anati, "Ndimakuonani mukusoka mpaka usiku chifukwa cha fizi yanga. Ndikanayamba bwanji kudandaula?" Amayi anzanga, apa ndiye pagona nkhani. Tikamakumbutsa mwana tsiku ndi tsiku kuti "tikuvutika chifukwa cha iwe", timaganiza kuti tikumulimbikitsa. Koma nthawi zambiri timakhala tikumutseka pakamwa. Mwana amasenza ngongole ya mumtima, ndipo akalephera mayeso kapena akachitidwa chipongwe amaona ngati wapha banja lonse. Ana ena afika poganiza zodzipha chifukwa cha katundu wotere. Tikaona mwana wasintha, wayamba kudzipatula, kuonda, kusagona, kulira popanda chifukwa chooneka, kapena kudwala mutu ndi m'mimba nthawi iliyonse tchuthi chikamatha, tisathamangire kunena kuti ndi ulesi kapena matama. Tikhale naye pansi, ndipo ngati n'kofunika tipite naye kuchipatala. Palinso nambala yaulere ya 116 imene mwana kapena kholo lingaimbe pa nkhani za nkhanza kwa ana.

Mtengo wake weniweni

Fizi yolembedwa pakalata ndi chiyambi chabe. Pamabwera yunifolomu yogula pasukulu pompo, zovala zamasewero, ndalama ya chitukuko, ya kompyuta, ya ulendo, ya mayeso oyeserera, ya makalasi a patchuthi, ya phwando la otsiriza, kuwonjezera pa kamba ndi thiransipoti. Ndipo fizi siima malo amodzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya chimanga, mafuta ndi sopo itakwera, sukulu nazo zinakweza. Amene anayamba Fomu 1 akukwanitsa, ena anafika Fomu 3 atagonja.

Uphungu wanga ndi wakuti tisawerengere teremu imodzi. Tiwerengere zaka zinayi, materemu 12, ndipo tisiye mpata wa kukwera kwa mitengo ndi wa matenda pakhomo. Sukulu yapakatikati imene mwana adzayambe ndi kumaliza mwamtendere iposa yapamwamba imene azidzabwezedwa pageti teremu iliyonse. Mwana wobwezedwa chifukwa cha fizi amataya masabata a maphunziro, amachita manyazi pamaso pa anzake, ndipo ena amangozungulira m'tauni poopa kufika kunyumba. Banki m'khonde ndi chipereganyu zatithandiza ambiri, koma ngongole ya fizi siibala phindu loti n'kubwezera mwezi wamawa monga imachitira ngongole ya geni. Tikayamba kubwereka gulu lina kuti tibweze gulu lina, kapena kupita kwa akatapila, tadutsa malire. Ndikudziwa banja limene linagulitsa munda kuti mwana mmodzi aphunzire pasukulu yotchuka, azing'ono ake atatu n'kumapita ku sukulu opanda phala m'mimba. Kodi pamenepo tamanga banja kapena taligwetsa? Ndipo tidzifunse moona mtima: posankha mwana woti timulipirire, kodi sitikukondera wamwamuna n'kusiya wamkazi amene mwina ndiye wanzeru koposa?

Tivomerezenso kuti nthawi zina chimene chimatikoka si maphunziro koma ulemu. Timafuna kuti tikakhala pa msonkhano kapena pa chinkhoswe titchule dzina la sukulu anzathu atiyang'ane. Mnzanga wina wa mumphakati mwathu mwana wake anasankhidwa ku CDSS ya pafupi. Anthu anamunena kuti akumuponya mwana. Iye anagula nyale ya sola ndi mabuku angapo, ankaonetsetsa kuti mwanayo wadya asananyamuke, ankapita ku misonkhano yonse ya makolo, ndipo anagwirizana ndi makolo ena kuti ana awo aziwerengera limodzi Loweruka. Mnyamatayo anapeza makirediti ake ndipo lero ali ku koleji. Sindikunena kuti zimatero kwa aliyense, chifukwa ma CDSS ambiri akusowadi mabuku, zipinda za sayansi ndi aphunzitsi okwanira. Ndikungonena kuti diso la kholo ndi gawo lalikulu la maphunziro a mwana, kulikonse kumene ali.

"Mukafunsa zambiri, amuda mwana wanu"

Ndikudziwa chimene ena mukuganiza. Mukuti sukulu ndi ya mwini wake, ukadandaula amangokuuza kuti chotsani mwana wanu, pali ena akufuna malo. Mukutinso aphunzitsi akhoza kumuikira mwana kumbuyo. Mantha amenewa ndi enieni, ndipo inenso ndinali nawo. Koma mutu umodzi susenza denga. Kholo limodzi likhoza kunyozedwa. Makolo khumi obwera mwaulemu, ndi mfundo zolembedwa, amamvedwa, chifukwa sukulu yapulaiveti imakhalira fizi yathu ndi mbiri yake. Ngati pasukulu palibe komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kapena ilipo yongoitanidwa kudzamva kuti fizi yakwera, chimenecho chokha ndi chizindikiro. Nkhani ikakhala yaikulu, monga kumenya ana kapena kugwiririra, si yothera mu ofesi ya sukulu: ipite ku ofesi ya maphunziro ya boma, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kapena ku polisi.

Komanso tichite chilungamo. Eni sukulu nawo amagula chimanga, nkhuni ndi magetsi pa mitengo yomwe tikuidandaulayi. Sitingafune aphunzitsi abwino ndi chakudya chabwino kwinaku tikulipira fizi kumapeto kwa teremu. Sitingathamangire kukakalipira mphunzitsi nthawi iliyonse mwana wadzudzulidwa, ngati kuti fizi yagula ufulu wochita mwano. Ndipo mafunso onsewa tiwafunse paliponse mofanana, ngakhale pa sukulu za mishoni zimene timazikonda ndi kuzikhulupirira. Sukulu yabwino siopa kholo lofunsa.

Zimene tingachite ngati gulu

Ife amayi timakumana kawirikawiri kuposa makolo ena onse m'dera. Pakati pathu pali aphunzitsi, anamwino, ndi amayi amene ana awo adutsa m'sukulu zosiyanasiyana. Bwanji osapatula msonkhano umodzi chaka chilichonse, zotsatira za Sitandade 8 zikangotuluka, kuti tikambirane za sukulu za m'dera lathu moona mtima, zabwino ndi zoipa zomwe, mopanda miseche? Bwanji amene ana awo ali pasukulu imodzi osapangana kuti wopita kukaona mwana wake aoneko ndi wa mnzake, makamaka mwana wamasiye amene tsiku loonera ana amangokhala yekha mu hositelo? Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tingagwirizanenso kupempha sukulu kuti ziike malire pa kamba ndi ndalama za m'thumba, kuti mpikisano wa pa tsiku loonera ana uchepe. Tchuthi chikafika, amayi awiri kapena atatu okhwima maganizo akhoza kucheza ndi atsikana athu, abambo odalirika ndi anyamata, chifukwa pali zina zimene mwana amamasuka kuuza azakhali kusiyana ndi mayi ake omubereka. Ndipo tisaiwale sukulu ya boma ya m'mudzi mwathu, kumene kuli ana ambiri a m'parishi muno. Kulowa m'komiti ya sukulu kapena m'gulu la amayi oyang'anira atsikana ndi ntchito yathu ngakhale mwana wathu ali kwina.

Kwa ine zinatha chonchi. Tchuthi cha teremu yachiwiri chija ndinasiya kufunsa kuti "wakhala nambala chani?" n'kuyamba kufunsa kuti "mnzako wapamtima ndani, nanga chimene sukonda kumeneko n'chiyani?" Mayankho sanabwere tsiku limodzi. Anabwera pang'onopang'ono, tikusenda mbatata, tikuchapa, iye akundigwirira nsalu pa makina. Teremu yachitatu ndinapita kwa aphunzitsi aakulu ndi amayi ena awiri. Za atsikana olanda kamba anazitengera pamtima, ndipo amatroni anasintha magonedwe kuti a Fomu 1 akhale paokha. Za kachikwangwani ka Chichewa anatikanira, ndipo kanakhalapo mpaka mwana wanga anamaliza. Sitinapambane zonse.

Koma tsiku loonera ana lotsatira sananditengere kuseri kwa holo. Tinakhala pa kapinga pamaso pa onse, ndipo anabwera ndi mnzake amene makolo ake sanathe kufika chifukwa cha mtunda. Ndinamasula kansalu kaja, tinagawana chigumu atatu. Mnzakeyo atadya anandifunsa ngati ulendo wina ndingabweretse ziwiri, ndipo mwana wanga anamuuza kuti, "Amayi angawa ndi atelala. Yunifolomu yako ikang'ambika uzingondipatsa."